Mutu Umene Hermínia Anakana Kuwerenga

Chaka cha 1978, mvula itangoleka, boma la Mozambique linatumiza Hermínia ku Majaua kuti akaphunzitse anthu akuluakulu kuwerenga ndi kulemba. Anali mayi wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, wophunzira ku mishoni. Mwamuna wake anapita ku Beira kukafuna ntchito zaka zinayi m'mbuyomo, osabwereranso, ngakhale kalata osalemba. Ku Milange anamupatsa mabuku khumi ndi awiri a Chipwitikizi ndi bokosi la choko. Sukulu yake inali sitolo yakale ya mzungu wina amene anachoka dziko litalandira ufulu. Mashelefu anali akadali pakhoma, ndipo mkati munkanunkhabe palafini ndi nsomba zouma.

Sabata yoyamba kunabwera anthu makumi atatu. Anaimba nyimbo za ufulu, anakweza nkhonya m'mwamba, anabwereza mawu a m'buku mofuula mpaka malata kulira. Pofika sabata yachinayi anatsala asanu ndi awiri, onse amayi.

Amene ananena zoona anali Cacilda, mayi wofulula mowa amene sankadziwa kunong'ona.

"Aphunzitsi, musatikwiyire. Mawu a m'buku lanuli ndi abwino, koma sakhala m'mutu. 'O povo, o povo.' Ndikafika kunyumba ndimapeza ndatsala ndi 'o' yekha. Ndiye nyemba zikuuma kumunda."

Lamlungu lotsatira, atachoka ku Misa, Hermínia anakhala pakhonde ndi kope latsopano. Anayamba kulemba m'Chinyanja, chinthu chimene anali asanachitepo, pakuti ku mishoni munthu akayankhula chakwawo m'kalasi ankalandira ndodo m'manja. Dzanja linkangothamanga lokha. Analemba za mwamuna wotchedwa Laurindo, wothyola tiyi kutsidya la mtsinje wa Ruo, ku Malawi. Kuno anali ndi mkazi wake Lucinda ndi ana atatu, ndipo ankaimba kwaya m'tchalitchi. Kutsidya ankadziwika kuti Lorensi, mwana wamasiye wopanda mbale padziko, ndipo anali ndi mkazi wina, Nelesi. Anali ndi malaya awiri. Akafika pamtsinje ankalowa m'bango, n'kuvula a Laurindo, n'kuvala a Lorensi.

Lolemba, phunziro litatsala pang'ono kutha, Hermínia anatseka buku la boma n'kutsegula kope lija. Poyamba ankawerenga maso ali pakope. Koma atakweza maso anaona amayi asanu ndi awiri aja ali chete, pakamwa yasa. Anawerenga mpaka pamene Laurindo, atagwidwa ndi malungo, anagwira dzanja la Lucinda n'kumuitana kuti Nelesi. Pomwepo anatseka kope.

"Ndiye Lucinda anatani?" Cacilda anafunsa.

"Tidzamva Lachitatu."

"Lachitatu! Inu aphunzitsi, munthu mwamusiya ali ndi dzina la mkazi wina pakamwa, n'kumati Lachitatu?"

"Lachitatu, tikamaliza zilembo."

Lachitatu kunabwera anthu khumi ndi asanu ndi anayi. Lachisanu mabenchi anachepa, ena anakhala pansi pa zitenje zawo. Nkhani ya Laurindo inafika kuchitsime, kumsika, ngakhale padoko pamene anthu amakwera bwato. Amuna amene ankati sukulu ndi ya ana anayamba kudutsa pa sitoloyo ngati akupita kwina, kenako n'kuimika njinga, n'kutsamira pazenera. Hermínia anaika lamulo: wofuna kumva nkhani alowe, agwire choko. Analowa.

Sabata yachitatu chiyambireni nkhaniyo kunabwera Olímpio, sekeretariyu wa chipani m'deralo, munthu wowonda amene ankavala cholembera m'thumba la malaya ngakhale popita kumunda. Anaitanira Hermínia panja.

"Kamarada purofesora, ndamva kuti mukuwerengera anthu nthano. M'Chinyanja. Inu mukudziwa kuti chilankhulo cha umodzi wa dziko ndi Chipwitikizi."

"Chipwitikizi tikuphunzira, kamarada sekeretariyu. Izi n'za kumapeto chabe. Lowani mudzionere nokha."

Olímpio anakhala kumbuyo, nkhope ili gwa, manja atapinda pachifuwa. Tsiku limenelo nkhani inafika pamene Laurindo analowa m'bango n'kupeza malaya a Lorensi palibe pamalo pamene ankawabisa. Hermínia atatseka kope, mawu oyamba kumveka anachokera kumbuyo.

"Anatenga ndani?"

Anthu anacheuka. Olímpio anatsokomola, nakonza cholembera chake. "Ndikufunsa monga mwa udindo," anatero. Chipinda chonse chinafa ndi phwete, ndipo kuyambira pamenepo sekeretariyu sanajombepo.

Hermínia ankalemba m'mamawa asanapite kukatunga madzi, ndi masana akaweruka. Sanayambe wasangalalapo choncho. Ankayenda pamsewu akuyankhula yekha, akukangana ndi Lucinda, akukalipira Laurindo. Pa mutu wachisanu ndi chimodzi analemba za tsiku limene Laurindo anabwera kunyumba atakhala kutsidya miyezi iwiri. Ana anatumizidwa kwa agogo awo, chitseko chinatsekedwa. Analemba zonse, osabisa: kusamba, mikanda, mphasa, njala ya anthu awiri amene anasowana. Analembanso mmene Lucinda anazindikirira, pakati pa zonsezo, kuti manja a mwamuna wake aphunzira zinthu zimene iye sanawaphunzitse. Atamaliza anapeza tsamba lanyowa. Anali akulira osadziwa.

Tsiku lowerenga mutu umenewo munthu sakanaponya phazi m'sitolomo. Hermínia anatsegula kope, nayang'ana anthu. Kutsogolo kunali Cacilda, ndipo mabenchi awiri kumbuyo kwake kunali mkamwini wake. Pakhomo panaima João Baptista, katekisita, chipewa chili m'manja. Pakona panali atsikana awiri osavinidwa, atabereka ana a azichemwali awo. Anatseka kope.

"Mutu uwu sindiwerenga."

"Chiyani?"

"Muli za m'nyumba, za akuluakulu. Sindingaziyankhule pamaso pa apongozi ndi akamwini, pamaso pa ana. Sindidumphanso kupita pa mutu wachisanu ndi chiwiri, chifukwa simungaumve musanadziwe za muno. Amene akuufuna adziwerengere yekha."

Phokoso limene linabuka linathamangitsa nkhuku panja. Cacilda anaimirira, manja m'chiuno.

"Atuluke amunawa! Atuluke anawa! Titsale tokha amayi!"

"Ifenso takhala tikugwira choko!" mwamuna wina anakuwa.

"Ayi," Hermínia anatero, ndipo anadabwa kumva mawu ake ali olimba. "Amene adzandiwerengere tsamba limodzi la mutu woyamba mokweza, popanda womuthandiza, ndidzamupatsa mutu wachisanu ndi chimodzi apite nawo kuseri."

Masabata otsatirawo Majaua inasanduka sukulu. Amayi ankalemba pamchenga akudikira mzere pachitsime. Pakhoma la bafa la Cacilda panadzaza zilembo za makala. Anthu anasiya kudandaula za "a, e, i, o, u", anayamba kufunsa zovuta: kodi "nkh" amalembedwa bwanji, nanga kachizindikiro ka mu "ng'ombe" n'kachiyani? Mwamuna wina anagogoda kwa Hermínia dzuwa lisanakwere, khasu lili paphewa, kuti angofunsa kusiyana kwa "b" ndi "d". Hermínia anakopera mutu woyamba m'mapepala asanu kuti anthu azibwerekana. Mapepalawo anada ndi zala mpaka kufewa ngati nsalu.

Olímpio ankadziwa kale kuwerenga, choncho anabwera n'kunena kuti chipani chiyenera kuona zimene zikuperekedwa kwa anthu. Hermínia anamupatsa kope lija. Anakhala pa sitepe ya kuseri kwa sitolo kwa ola lathunthu. Pobweza kope sanamuyang'ane kumaso.

"Mulibe zotsutsana ndi chipani," anatero, akupukuta thukuta pamphumi. Anayenda pang'ono, nabwerera. "Koma Laurindo ameneyu ayenera kudzaimikidwa pamsonkhano wa anthu. Musamusiye choncho."

Woyamba mwa ophunzira kupambana sanali Cacilda. Anali Adelina, mayi wofatsa wogulitsa nyemba pamsika, amene ankakhala pafupi ndi khoma osayankhula kanthu. Mwamuna wake, Fabião, ankagwira ntchito m'minda ya tiyi kutsidya, monga amuna ambiri a kumeneko, ndipo ankabwera pakutha pa mwezi. Pa sabata yachisanu chitsekereni mutu uja, Adelina anakweza dzanja, naimirira, nawerenga tsamba lonse, chala chikuyenda pansi pa mawu. Anapunthwa kawiri, nadzikonza yekha. Atafika kumapeto amayi analuluta ngati kwabadwa mwana.

Zinamutengera masana atatu kuti amalize mutu wachisanu ndi chimodzi. Ankakhala pa sitepe ya kuseri, milomo ikugwedezeka, anzake akumusuzumira pakona pa khoma.

"Zikuti chiyani, achemwali? Tiuzeni pang'ono chabe!"

Adelina anangokweza maso. "Kaphunzireni."

Cacilda anapambana patatha masiku asanu ndi anayi. Analanda kope m'manja mwa Hermínia akuvina. Tsiku loyamba ankamveka akuseka kuseriko, akudzimenya pantchafu. Tsiku lachiwiri kunali zii. Pobweza kope maso ake anali ofiira.

"Mwandipusitsa, aphunzitsi. Ine ndimayesa muli zolaula, zoti tikasekere pamowa. Zilimo ndithu, sindikukana, ndipo ndikudabwa kuti munthu wa ku mishoni munazidziwira kuti. Koma pamene Lucinda wagona chotembenukira kukhoma, maso ali tong'o, mwamuna akuliza mkonono... Inu, mwandikumbutsa zinthu zimene ndinakwirira kalekale."

Pofika mwezi wa Ogasiti anthu makumi awiri ndi atatu anali atawerenga mutuwo, ndipo Hermínia anayambiranso kuwerenga mokweza mitu yotsatira. Nkhani itayandikira kumapeto, aliyense anayamba kumuuza mmene iyenera kuthera. Sankatha kugula tomato pamsika popanda wina kumugwira mkono. Cacilda ankafuna ng'ona imugwire Laurindo pa Ruo ali pakati posintha malaya. João Baptista anabwera ndi ulemu wake, nati iye mutu uja sanauwerenge ndipo sauwerenga, koma munthuyo ayenera kulapa pamaso pa wansembe, abwerere kwa mkazi wa ukwati woyera. Amuna ena ankati palibe mlandu pamenepa, angomutenga Nelesi adzamange nyumba yachiwiri. Olímpio akamva zimenezo ankaimirira n'kufuula kuti "Abasho mitala!", kutanthauza kuti mitala ithe, anthu n'kuyankha "Abasho!" akuseka. Hermínia ankangomwetulira, koma mumtima anali atasokonezeka. Masiku anayi anakhala pakhonde, tsamba lili loyera.

M'mawa wa tsiku lachisanu Adelina anafika ndi dengu la nyemba pamutu. Analitula, nakhala pamphepete pa khonde, namasula mfundo ya pakona pa kapulana yake, chitenje chimene anavala. Munali kapepala kopindapinda.

"Ndinakapeza chaka chatha m'thumba la jekete la bambo a kunyumba, pochapa. Anandiuza kuti ndi pepala la kuntchito, lowolokera. Ndinaopa kuti lingatayike, ndiye ndinalisunga m'chitini cha singano. Iwo anaiwala. Dzulo ndimafuna ulusi."

Hermínia anatambasula kapepalako. Kanalembedwa ndi pensulo: "Bambo a Joyisi, mwana wayamba kuyenda. Akukufunani. Musachedwe kwa achimwene anu odwalawo. Ndine mkazi wanu, Edina."

Hermínia anaika kapepalako pansi. "Mayi, ndikulumbira pamaso pa Mulungu, ine sindimadziwa. Laurindo ndinangomupeka m'mutu mwanga."

"Ndikudziwa. Mukanadziwa mukanalemba nsapato, osati malaya. Iwo amabwera kuno ndi nkhwaira, koma mapazi awo ndi a munthu wovala nsapato." Adelina anaseka pang'ono. Sankalira. Maso ake ankawala ngati a munthu amene wathamanga mtunda wautali. "Aphunzitsi, ndawerenga ndekha. Palibe amene anachita kundinong'oneza pachitsime, palibe wondimvera chisoni. Ndinayamba ndi 'Ba', kenako 'mbo', mpaka pansi. Achimwene odwalawo ndine."

Kenako Adelina anasendera pafupi.

"Ndabwera ndi zinthu ziwiri. Choyamba, musamuphe Laurindo. A Cacilda asakunamizeni. Ng'ona ikamudya, Lucinda atsala ndi maliro. Ameta tsitsi, alira munthu amene anamunamiza, ndipo sadzamufunsa kanthu mpaka kalekale. Ine ndikufuna ndimve pakamwa pa Lucinda."

"Chachiwiri?"

"Mundipatse pepala ndi lapizi yolembera."

"Ndikulembereni?"

"Ayi. Mungondiuza ngati 'Edina' ndamulemba bwino."

Anakhala pakhondepo awiriwiri mpaka dzuwa kufika pamutu, wina akulemba kalata, wina mutu womaliza. Nyemba sizinapite kumsika tsiku limenelo.

Loweruka lowerenga mutu womaliza anachita kutulutsa mabenchi panja, pakuti kunabwera anthu ngakhale ochokera kumidzi ya kutali, njinga zitatsamira mitengo yonse ya pabwalo. Hermínia anakwera pa bokosi. Anawerenga mmene Lucinda anavalira kapulana yake ya pa Pasaka, nakwera bwato masana dzuwa likuswa mtengo, anthu onse akuona. Anafunsa njira kwa othyola tiyi mpaka anafika pakhomo pa Nelesi. Sanamenyane. Nelesi atamva zonse analowa m'nyumba, natuluka ndi mpando. Madzulo Laurindo pobwera kuntchito anapeza akazi awiri ali pakhonde, akusenda nandolo m'lichero limodzi. Anaima pachipata. Lucinda anapukuta manja, nati: "Lowani, bambo. Koma mutiuze kaye, tikuitaneni dzina liti?"

Hermínia anatseka kope.

Kenako Cacilda anafuula: "Ndiye?"

"Yathera pomwepo."

"Yathera pati? Anayankha chiyani?"

"Sindikudziwa."

Bwalo linawira. Wina ankati Laurindo anathawa, wina ankati anagwada. Mayi wina wachikulire ankayankhula Chilomwe mofulumira, akuloza kumtsinje ndi ndodo. Olímpio anakwera pa benchi n'kunena kuti buku lopanda chiweruzo silimanga munthu watsopano, koma mkazi wake yemwe anamukoka malaya kuti atsike. João Baptista anavala chipewa, nachivulanso, nati funso limenelo ndi lolemera, alilalikira Lamlungu. Cacilda analumbira kuti sadzapondanso pasukulupo. Anthu anabalalika m'magulumagulu akukanganabe, ndipo Lolemba Cacilda anali woyamba kufika.

Fabião anabwera pakutha pa mwezi, sopo ndi shuga zili pakaliyala ya njinga. Anapeza ankhoswe a mbali zonse ziwiri atakhala kale pabwalo. Adelina anaimirira, natambasula kapepala kaja, nawerenga mokweza kuyambira pamwamba mpaka pa dzina la Edina. Fabião anayamba kunena kuti pali wina amene wamuphunzitsa mawuwo pamtima. Adelina anatola sopo pakaliyala n'kuwerenga zimene zinalembedwa pachikutiro. Bamboyo anakhala pansi. Mlandu sunatalike. Mudzi unali wa akuchikazi, munda unali wa amayi ake a Adelina, ana anali a mbumba yawo. Fabião anamanga zovala zake panjinga, nalunjika kumtsinje.

Mwezi wa Novembala kunabwera woyesa mayeso kuchokera ku Milange. Anthu makumi atatu ndi mmodzi anawerenga tsamba la Chipwitikizi, mopunthwapunthwa koma osaphonya chilembo. Woyesayo anati sanaonepo zotere m'boma lonse, nafunsa njira imene anagwiritsa ntchito. Olímpio anayankha kuti ndi kulimbikira kwa anthu pansi pa utsogoleri wabwino. Hermínia anayang'ana pansi kuti asaseke.

Yankho la Edina linafika mvula yoyamba itagwa, m'manja mwa mayi wina wogulitsa usipa amene ankawoloka kawirikawiri. Adelina anathamanga nalo kusukulu, kapulana itanyowa mpaka m'mawondo. Edina ankati nayenso sankadziwa, ndipo wauza bamboyo kuti azigona kukhitchini mpaka abale ake a Edina adzakambe. Ankatinso kalatayi wamulembera ndi mnansi wake, monga yoyamba ija, chifukwa iye sadziwa kulemba. Wamva kwa wogulitsa usipayo kuti ku Majaua kuli buku limene laphunzitsa amayi kuwerenga. Kodi sangamubwereke?

"Kope ndi limodzi," Hermínia anatero. "Likagwera m'madzi?"

"Tikopera," anatero Adelina. "Mitu ilipo khumi ndi iwiri. Ife tilipo angati?"

Cacilda anali atayamba kale kukankha mabenchi kuti ayandikane ndi kuwala kwa pakhomo. Hermínia anamasula ulusi wa pakati pa kope, nagawa masamba. Amayi anakhala m'mizere, malilime ali panja, aliyense akusema zilembo zake pang'onopang'ono, mvula ikuwomba malata.